Njerwa Zimene Ndinaotcha Pothawa Mkazi Wanga

Ndisanayambe, mudziwe kuti nkhani iyi ili ndi mboni, chifukwa anthu a ku Chipera, ku Maravia kuno, ali ndi khalidwe loipa lonena kuti ine ndimakokomeza zinthu. Mboni yoyamba ndi akatekisita a tchalitchi chathu, munthu amene sananamepo chibadwire. Anamwalira, koma manda awo alipo, mutha kupita kukawaona. Yachiwiri ndi atsibweni a mkazi amene ndinali naye. Nawonso anatsogola. Yachitatu ndi mkaziyo mwini wake. Iyeyo ali moyo, amakhala tsidya la dambo, ndipo mukakamufunsa akakana theka la zimene ndilembe pano. Theka limenelo ndiye loona kwambiri.

Nkhondo yapachiweniweni itafika pakhomo tinali titangokwatirana kumene. Tinathawira ku Zambia, kumsasa wa othawa kwawo cha ku Petauke, ndipo kumeneko n'kumene kunabadwira mwana wathu woyamba, wamwamuna. Anabadwa wonenepa moti namwino pomuyeza anaitana mnzake adzaone ngati sikelo yaonongeka. Ndikulumbira. Koma atangoyamba kukhala pansi, manja ndi mapazi zinatupa ngati walumidwa ndi mavu. Ukamunyamula ankalira, ukamuika pansi ankalirabe.

Kwathu mwana akatupa sitifunsa kuti akudwala chiyani, timafunsa kuti walakwa ndani. Amati ndi tsempho: bambo wayenda ndi mkazi wina mwana adakali wakhanda, wabwera ndi thupi lotentha, wamudula mwanayo. Amayi achikulire a pamsasa anandikhazika pakati.

"Ululani, bambo, mwana achire."

Ndinalibe choulula. Aliyense amene anandionapo nkhope akudziwa kuti mlandu umenewo unali ulemu wondiposa msinkhu. Koma mwana ankalira, amayiwo ankati mankhwala sagwira ngati bambo sanaulule, ndiye ndinaulula. Ndinawapatsa mkazi wa ku Katete, wamtali, wa mpata m'mano, wogulitsa kapenta, amene mpaka lero sanabadwe. Anakhutira, natisakanizira mankhwala, ife n'kumumwetsa mwana. Mvula isanathe chaka chimenecho ndinakumba kamanda m'dothi la eni ake.

Wachiwiri anali wamkazi. Tsiku limene zala zake zinayamba kutupa sindinadikire kuti andifunsenso za wogulitsa kapenta. Tinapita naye kuchipatala cha amishoni. Anatenga magazi a mwana, a mayi ake, ndi anga, ndipo titabwereranso namwino wina wachikulire anatilowetsa m'kachipinda n'kutseka chitseko. Anati nthendayi amaitcha sikoselo. Tizinthu ta m'magazi timene timayenera kukhala tobulungira, mwa mwanayu timapindika ngati zenga n'kumatsekeka m'mitsempha, ululu ndi umenewo. Anati palibe amene anamudula. Ine ndili ndi theka la nthendayo, mkazi wanga theka, tonse sitidwala, koma mathekawo akakumana mwa mwana ndiye zimenezi.

Kenaka anatenga kapu n'kuponyamo njere zinayi za mtedza, zitatu zabwino, imodzi yofumbwa.

"Mimba iliyonse ndi kupisa dzanja m'kapumu mutatsinzina."

Ine ndinasangalala. "Ndiye kuti yofumbwayo taitola kale, amayi. Zatsala zabwino zokhazokha."

Anatola njere yofumbwa ija n'kuiponyanso m'kapu. Inalira kuti kho.

"Imabwereramo, bambo. Nthawi iliyonse."

Mtendere utabwera anatikweza kamiyau, chigalimoto cha katundu, ndi makasu, mbewu, ndi lona lofolera. Mudzi wa mkazi wanga, Chipera, kumene ndinali mkamwini, tinauzindikira ndi mitengo ya mango basi. M'nyumba ya apongozi anga munamera mtengo waukulu moti tinasemamo mitondo iwiri, mpando, ndi bwato, ngakhale ku Chipera kulibe poyendetsa bwato. Minda tinkalima potsata pamene padutsa kale mbuzi, kuopa mabomba okwirira. Mbuzi za nthawi imeneyo zinkadziwa udindo wawo, zinkayenda monyang'wa.

Koma ntchito yaikulu yomanganso dziko inali ya m'nyumba. Anthu anabwera ndi njala ya ana. Aliyense anali ndi dzina la wakufa loti alidzutse. Chaka chachiwiri ukaima pachitsime n'kuyang'ana mzere wa akazi, unkangoona mimba zokhazokha, ngati munda wa maungu wayamba kuyenda. Atsibweni a mkazi wanga, mwini mbumba, munthu wanthabwala amene nkhondo inamudyera alongo awiri ndi adzukulu osawerengeka, ankayendera makomo m'mawa uliwonse monga mlimi ayendera dimba. Akafika pathu ankayang'ana mkazi wanga, kuyang'ana ine, n'kutsokomola.

"Akamwini, ku Zambia munaiwalako kanthu?"

Kumsasa kuja kunali jakisoni wa kulera, ife kuno timati pikada. Ku Chipera kunalibe ngakhale khoma loti enferemeru, namwino wobaya jakisoniyo, atsamirepo. Panatsala njira imodzi yokha, ndipo m'kanyumba ka lona, mphasa imodzi, bulangete limodzi, mwezi wa chisanu, njira imeneyo si yoti munthu angaidalire. Ine ndimadzidziwa.

Chinandipulumutsa ndi sikola, sukulu ya ana. Anabwera anthu a bungwe lina kudzati azipereka chimanga ndi mafuta ophikira, ife tiumbe njerwa zomangira sikolayo. Kuumba aliyense anavomera. Vuto linali woyatsa uvuni. Kwathu woyatsa uvuni amadika: kuyambira tsiku limene njerwa zayamba kusanjidwa mpaka uvuni utazizira, sagona ndi mkazi wake, amagona kumsasa pafupi ndi moto. Akangobera, njerwa zimang'aluka kapena kutuluka zaziwisi, ndipo mudzi wonse umadziwa zimene anachita. Pamsonkhano akatekisita atafunsa kuti adzipereka ndani, amuna onse anayamba kuyang'ana zala zawo za kumapazi ngati aziona koyamba. Ine ndinakweza dzanja.

Anandiombera m'manja. Akatekisita anandilalikira Lamulungu lotsatira ngati chitsanzo cha kudzimana.

Ntchitoyo ndinaiphunzira ndili pa ntchitopo. Dothi labwino ndi la pachulu. Umaliponda ndi mapazi mpaka lileke kukakamira, kuliponya m'chikombole mwamphamvu kuti lidzaze m'makona, kuyanika pamthunzi wa udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Posanja umasiya makamwa pansi olowetsera nkhuni, kunja konse n'kumata ndi matope. Moto umayamba nawo pang'onopang'ono, wofuka utsi woyera, kuti chinyezi chituluke. Utsi ukasintha ndiye umaponyamo zipika za tsanya, osalekeza mpaka udzu wouma ukauponya pamwamba pa uvuni uyake wokha.

Njerwa zanga zinatuluka zofiira ngati chiwindi, ndipo ukazigogoda zinkalira ngati chitsulo. Anthu anati sanaonepo munthu wozizira chonchi. Mbiri inamveka. Itatha sikola ndinayatsa uvuni wa tchalitchi, usanazizire bwinobwino ndinavomera wa nyumba ya aphunzitsi, kenaka anandiitana ku Chiputo, kenaka ku Fingoe. Ku Chiputo padiri, wansembe wa kumeneko, anapachika njerwa yanga imodzi pamtengo n'kumaitanira anthu ku misa. Ku Fingoe njerwa ina inagwera munthu wokumba golide pamutu, ndipo atatsitsimuka anapempha kuti aigule. Zonsezi zinachitika. Mukaona khoma lofiira bwino ku Maravia kuno, la zaka zimenezo, dziwani kuti mkati mwake muli ine ndikufuna mkazi wanga.

Pakuti ndinkamufuna. Uvuni wa ku Chipera unali pamtunda, ndipo kuchokera pamenepo ndinkaona njira ya kuchitsime. Pakati pa akazi onse ndinkamudziwa ndi kayendedwe, ankaponda ngati nthaka ndi ya munthu wina amene safuna kumudzutsa. Akatula ndowa ankamasula kapulana, nsalu ya m'chiuno, n'kuimanganso, dzanja limodzi lili m'chiuno, ndipo ine ndinkaponya chipika m'moto ngakhale moto usakufuna chipika. Chimene ndinkachisowa kwambiri sichinali chimene mukuganizacho, ngakhale nachonso ndinkachisowa. Kunali kuyankhula kwa anthu awiri atagona chagada, nkhani zopanda mutu: mbuzi ya uje, denga likudontha pati, kodi wogulitsa kapenta uja anali wokongola kuposa ine? Ankandifunsa zimenezo akudziwa bwino lomwe kuti kunalibe munthu wotero, ine n'kumamuyankha kuti mano okha.

Mwana wathu wamkazi uja ankakula mwa njira yake. Woonda, maso achikasu ngati dzira, pakamwa pakuthwa. Masiku abwino ankabwera ku uvuni kudzaumba ng'ombe zadothi n'kundilamula kuti ndiziotche pamodzi ndi njerwa za boma. Masiku oipa, makamaka kukazizira kapena akanyowa ndi mvula, ululu unkamugwira m'mafupa. Ankapindika pamphasa n'kumaluma nsalu. Mayi ake akafuna kumubereka kumbuyo ankakuwa kuti musandikhudze. Tinkangokhala pambali pake ndi madzi ofunda, anthu awiri akuluakulu amanja anayi opanda ntchito.

Uvuni umene ndinkaudikira ndi mtima wonse unali wa posito ya zaumoyo, kachipatala ka pamudzi. M'mutu mwanga nkhani inali yosavuta: posito ikatha abwera enferemeru, enferemeru abwera ndi pikada, ine ndibwerera kumphasa yanga. Ndinkaganiza kuti tonse awiri tikudikira zomwezo. Sindinamufunsepo.

Moto wa uvuni umenewo uli pakati, masana dzuwa lili pamutu, ndinangoona mkazi wanga akukwera mtunda ndi chikho cha madzi. Akazi safika pa uvuni woyaka. Anaima patali pang'ono, pamene mwambo ungathe kunamizira kuti sunamuone.

"Atate ake mwana, njerwazi zikwana liti?"

"Yatsala posito yokhayi. Ikangotha, pikada ifika, ine ndabwera. Muyambiretu kukonza malo, ndanenepa."

Sanaseke. "Ndiye inu mukudikira pikada?"

"Nanga tikudikira chiyani?"

"Ine ndikudikira mwana."

Nkhuni zinathetheka m'kamwa mwa uvuni. Ndinayang'ana kumeneko ngati zandiitana.

"M'kapu muja njere zabwino zinali zitatu," anatero. "Inu mumangoona imodzi ija."

"Tapisamo kawiri, amayi ake mwana, kawiri konse tatola yomweyo. Dzanja langa mukulidziwa. Ine m'thumba la shuga ndingatulutse mchere."

"Musandiseketse, sindinakwerere mtunda kudzaseka. Ndikufuna mwana woti ndikamubereka kumbuyo agone. Ndabereka awiri, onse owagwira ngati mazira. Kuchitsime anzanga akamadandaula kuti mwana walemera, msana ukuwawa, ine ndimasirira msana wawowo. Ndalakwa?"

"Simunalakwe."

"Nanga?"

"Nanga akabwera n'kumaluma nsalu ngati mnzakeyu, tidzamuuza chiyani? Awiriwa tinali osadziwa. Uyu tidzamuuza kuti tinkadziwa, koma tinati tiyese mwayi ndi mafupa ako?"

"Akabwera wabwino mudzamuuza chiyani? Kuti munatsala pang'ono kumusiya kunja chifukwa cha mantha?"

Anaika chikho pansi n'kutsika mtunda. Njerwa za uvuni umenewo zinatuluka zabwino kuposa zonse.

Nkhani inawapeza atsibweni. Anandiitana kumunda kwawo, tinakhala pachitsa, anandipatsa fodya ngakhale akudziwa kuti sindisuta.

"Akamwini, zamtedzazo ndazimva. Ine sindikutsutsa, anamwino amaona zimene ife sitiona. Koma makolo anasiya njira. Tipeze fisi. Mphwanu kapena msuweni wanu alowe mwakachetechete, mwana akabadwa ndi wanu, afanana nanu, mudzi sudziwa."

Fisi ameneyu si wa kutchire. Ndi mwamuna amene amamulowetsa m'nyumba mwachinsinsi pamene mwini nyumba sabereka, ndipo amasankha wachibale kuti magazi asapite kutali. Ndinawauza kuti vuto ndi magaziwo. Theka langa ndinalitenga kwa makolo anga, ndipo mphwanga ndi msuweni wanga anamwa pachitsime chomwecho.

Anakanda mutu. "Ndiye tipeze wakutali. Wa ku Chiputo. Woipa nkhope pang'ono, kuti anthu asakayike."

Ndikuuzeni zoona, ndinaganizira. Ndinafika posankha munthu wake, wokonza njinga wina wa mphuno ngati yanga. Koma atsibweni atakamuuza mkazi wanga mwini wake, yankho linamveka mpaka kudambo.

"Atsibweni, ine si mbuzi yoti muzikandibwerekera tonde. Mwamuna ndili naye."

Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango, m'mawa, titatha kukolola. Panalibe kukalipirana, n'chifukwa chake zinali zowawa. Mkazi wanga anagwada n'kuyankhula akuyang'ana pansi.

"Bambo awa sanandimenyepo, sananditukwanepo. Ku Zambia anadzinamizira mlandu kuti mwana achire. Ndikuwafuna. Koma andipatse mwana, iwowo, osati wina. Zikavuta tidzalira limodzi monga tinalirira kale. Akakana, mundimasule, zaka zanga zikupita."

Onse anatembenukira kwa ine. Ine ndine munthu amene ndinayamba ndayankhulapo pamaliro mpaka womwalirayo anatembenukira kukhoma. Tsiku limenelo mawu onse anathawa, n'kutsala amodzi. Ndinayang'ana khosi lake, pamene panali kachipsera ka nthomba kamene ndinkakadziwa ndi chala. Kunali kungonena kuti chabwino, madzulo omwewo ndikanagona kwathu. Koma m'makutu mwanga munali phokoso la mano a mwana akuluma nsalu.

"Ayi," ndinatero.

Atsibweni anafwenthera m'malaya. Anati fumbi.

Mkamwini sachoka ndi zambiri. Ndinatenga nkhwangwa, khasu, mphasa, njinga ndi chikombole, n'kukamanga tsidya lino la dambo, pafupi moti mwana azitha kuoloka. Mkazi wanga anandinyamulira mphasa mpaka pamadzi. Pondipatsa anati, "Muzifunda, mumatsokomola kukazizira." Ndinati ndili ndi uvuni. Posito inatsegulidwa mvula isanagwe chaka chomwecho, ndipo pikada inafikadi, yambiri, yokwanira boma lonse.

Patapita nthawi anakwatiwa ndi bambo wina wofedwa amene anabwerera kuchokera ku Malawi, munthu wabwino, wosayankhulayankhula. Ndinayesetsa kumuda koma sanandipatse poyambira. Anabereka naye ana amphamvu ngati ana a ng'ombe. Ndinkamuona akuoloka dambo, mwana ali kumbuyo, mutu uli lende, tulo tofa nato, iye akudandaula msana mokweza kuti dziko lonse limve. Ndinkakondwera naye. Ndikulumbira, ndipo apa sindikuonjeza kanthu. Kungoti ndikabwerera m'nyumba ndinkapeza kuti ndaphika ndiwo za anthu awiri.

Anthu amati anawo ndi umboni woti ndinachita bwino. Si umboni wa kanthu. Magazi ndi ena. Ana amene ine ndi iye tikanabereka palibe anawaona, ndipo ine ndekha ndi amene ndimawadziwa. Pali wina wamwamuna, waulesi, wokonda mpira. Pali wina wamkazi amene amaponda pansi ngati mayi ake. Sadwala, sakula, sapempha kanthu. Amangokhala pakhonde madzulo.

Mwana wathu weniweni uja anakhala nafe mpaka atangotha msinkhu. Ankagona kwa mayi ake, kuswera kwa ine, ndipo nyumba zonse ziwiri ankazilamulira ngati administradori, mkulu wa boma lonse. Magazi akamuthera, milomo ikayera, ndinkamukweza panjinga kupita naye kuchipatala ku Fingoe. Ndinamumangira kampando ka nsungwi pakaliyala, n'kuyalapo bulangete lopinda kanayi.

Ulendo wina wotero, tikubwerera, atapezako bwino, dzuwa likutiotcha kumsana, anandigogoda ndi chala.

"Atate, amayi akuti munakana kubereka wina chifukwa cha ine."

"Amako amakokomeza nkhani, ndi khalidwe la kwawo. Ndinakana chifukwa chakudya sichinkakwana. Iwe wekha unkadya ngati anthu asanu ndi mbuzi."

"Mukunama."

"Ndikulumbira."

"Mukalumbira ndiye kuti mukunama kwambiri."

Tinadutsa kamtsinje kouma. Ndinamva mutu wake utatsamira pamsana panga, wopepuka ngati chikho chopanda madzi.

"Namwino uja akanakuonetsani mtedza ine ndisanabadwe, bwenzi ine kulibe?"

Ndinapalasa kaye. Ndinafufuza m'mutu monse nkhani yoti ndimuponyere, ya njerwa, ya mbuzi, iliyonse. Zinalipo zambiri, koma mwanayu ankazidziwa zonse ndi fungo.

"Bwenzi kulibe, mwanawe," ndinatero. "Bwenzi ndikupalasa njingayi ndekha, osadziwa kuti yapepukiranji."

Ndinaganiza kuti wagona. Kenaka anati, mwa mawu wamba ngati akunena za mtengo wa sopo:

"Ndiye zinakhala bwino kuti anachedwa kukuuzani."

Ayi uja ndinamunena pansi pa mango ndili wotsimikiza, ndipo mwina lero ndikanamunenanso. Koma kuyambira pa njinga paja sanakhalenso bwino m'kamwa mwanga.

"Atate, mukulowa m'maenje dala? Chiuno chikundiwawa."

Ndinatsika n'kuyamba kukankha.